Chithunzi cha m'Buku la Tikhala

"Ndiye ine ndizichezera pamadzi, mwera ukundikwapula, inu kumtunda kuno muli kalikiliki kuuza mwana zoti dziko lonse lindiseke?"

A Simioni anali asanavule n'komwe jekete la kunyanja. Analowa m'nyumba, natenga buku lakuda lija pamwamba pa kabati, n'kudzaliponya pamkeka pomwe akazi awo, Mayi Keti, ankasankha mpunga.

"Bukulo musaliponye choncho, bambo a Tikhala. Mwanayo anachita kulipira kuti alimate chikuto chimenecho."

"Inu mukudandaula chikuto, ine ndikunena zam'kati."

"Zam'kati ine ndaziwerenga liti? Chingerezi ndinasiyana nacho ku Sitandade 4, inu mukudziwa."

"Simunawerenge, koma munayankhula. Akuti mawu anu alimo, pansi pa chithunzi chomwe mwakhala mukuonetsa mudzi wonsechi. Akuti munauza mwana wanu kuti usipa ukasowa mumagona ndi eni maboti kuti akugulitseni. Alovi anga omwe, ana oti ndinawaphunzitsa ndine kugwira nkhafi, usiku wonse amangokodolana m'botimo. Wina mpaka kundifunsa kuti, 'Che Simioni, kwanu kuja ndowa ya usipa ikupita bwanji masiku ano?'"

Mayi Keti anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye inu mwakhulupirira."

"Ine ndikufunsa."

"Kufunsako ndiye kukhulupirira kumene. Ndakuberekerani ana, awiri tinakawaika limodzi kumanda a kumishoni uko. Mutadwala msana chaka chija ndinkakusambitsani ngati khanda. Lero mwaima pakhomo panu, mamba ali mbuu m'manja, kundifunsa ine funso limenelo?"

A Simioni anayang'ana kumbali. Anali munthu wabwino bamboyu, tisawanamizire. Koma mwamuna akasekedwa ndi anzake nzeru zimayamba zathawa, ndipo zimabwerera mochedwa.

Buku limeneli linafika ku Nkope ndi Tikhala, mwana wawo wamkulu, atamaliza mayeso ake otsiriza kukoleji. Linali risechi yake ya digiri, yofufuza mavuto a amayi a geni ya usipa kwathu kuno. Pakati pake panali chithunzi cha Mayi Keti ndi mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo, Mwanabibi, akuyanika usipa pathandala. Tsono munthu woti nkhope yake inangotulukapo pachitupa chovotera basi, lero wapezeka m'buku la Chingerezi, mungamuletse kunyada? Analikulunga m'jumbo kuopa mamba, n'kumayenda nalo kutchalitchi, kuchigayo, kugombe. Dzulo lake analisiya m'manja mwa anzawo pathandala, iwo atathamangira boti lomwe linkakocheza. Venda wina wa ku Limbe, wodziwa Chingerezi chake, anawerengera gulu lonse tsamba lija, akumasulira mosasiyako kanthu. Mayi Keti pobwerera anapeza anthu ali zii, iwo n'kumayesa kuti ndi nsanje chabe.

Tikhala analowa pachipata ndi ndowa ya madzi pamutu, akuchokera kumjigo.

"Tula ukhale apa," anatero bambo ake. "Tsegula pachithunzi paja. Werenga m'Chichewa, amako amve."

Tikhala anapukuta manja pachitenje, natsegula. Anayamba bwino, chala chikuyenda pansi pa mizere. Kenako chalacho chinaima. Anabwerera koyambira ndimeyo, milomo ikugwedera yokha. Aliyense womuyang'ana akanadziwa kuti mawu amenewa akukumana nawo koyamba.

"Werenga."

"Akuti Mayi K.S., amene ali kumanzere kwa chithunzichi, anauza wofufuza kuti nsomba zikavuta amagona ndi eni maboti. Mnzawo wakumanjayo anavomera kuti iyenso amatero, ndipo anati amayi ambiri a ku Nkope..." Sanathe kumaliza.

"Amako anakuuza zimenezi?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye unapeka wekha."

"Ayi."

"Amako sananene, iwe sunapeke. Nanga analemba ndi mzukwa?"

Tikhala anayang'ana mayi ake. Akanatha kunama kuti makina anasokoneza, kapena kuti K.S. ndi munthu wina. Koma anaona mmene mayi akewo anakhalira, manja ali pamiyendo, nkhope itagwa ngati ya namfedwa, ndipo bodza linamukanika.

"Bukuli sindinalembe ndine."

Nkhuku inafika palichero n'kuyamba kujompha mpunga, popanda woipirikitsa.

"Kuli munthu pa Watsapu, amadzitcha Dokotala Raymond. Amalembera ana asukulu marisechi. Umamutumizira mutu wa nkhani ndi ndalama pafoni, iye n'kukutumizira buku lathunthu. Theka la kalasi yathu linapita kwa iyeyo."

"Ndi mwana wa yani Raymond ameneyu? Amakhala kuti?"

"Sindikudziwa. Sindinamuonepo."

"Ku Nkope kuno anafikako?"

"Ayi. Anangoti nditumize zithunzi ndi maina kuti zioneke zenizeni."

"Ndalama unazitenga kuti?"

"Zija munatumiza zosindikizira mapepala a mafunso."

Mayi Keti anafunsa motsitsa mawu. "Chifukwa chiyani, mwanawe? Si unabwera kuno holide ija ndi kope lako? Tonse tinali pompano."

"Ndinabwera, amama. Koma chaputala choyamba ndinachilemba mobwerezabwereza, a supavaiza akungochibweza chili psuu ndi inki yofiira. Anzanga amene anagula, zawo zinkangodutsa. Nthawi inanditha. Inu munali mutauza kale anthu kuti chaka chino kuli gauni. Ndinachita mantha."

"Nanga atakutumizira, osawerenga?" anafunsa bambo ake.

"Ndinawerenga koyambirira ndi kumapeto. Ananditumiziranso chidule choti ndiloweze pokayankha mafunso. Chithunzicho ndinachiona, ndinangosangalala kuti amama atuluka bwino."

A Simioni anakhala pakhonde, navula chipewa. Ukali unali utawathera, patatsala kutopa kokha.

"Amakowa sagula ndowa ya usipa asanapise dzanja mpaka pansi, kuopa kuti pamwamba aika wabwino pansi pali wovunda. Iwe wagula buku lonse osapisamo dzanja. Lero nkhuyu zodya mwana zapota akulu."

Mayi Keti anatola bukulo, nasasa mchenga pachikuto, n'kukalibwezera pakabati. Potuluka sanawayang'ane amuna awo.

"Mwadzimvera nokha. Madzi osamba ali kubafa."

Masana a tsiku lomwelo Tikhala anakaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira, n'kuimbira Raymond. Mawu ake anali oleza ngati a munthu wolandira alendo kubanki.

"Sisi, mtima m'malo. Mwakhoza kapena mwalephera?"

"Mwalemba zabodza za mayi anga."

"Inu simunanene kuti ndi mayi anu. Munangoti nachi chithunzi, nawa maina. Tsono tamverani. Malekichara atopa kumva kuti amayi amavutika ndi mtengo wa thiransipoti. Amafuna nkhani yogwira mtima. Zimenezo ndinazipeza pa intaneti, zinalembedwa za kunyanja ina, ine ndinangosintha dzina la malo. Nyanja ndi nyanja basi."

"Bambo anga atsala pang'ono kuthetsa banja chifukwa cha inu."

"Pepani kwambiri. Ngati mukufuna ndikonze tsambalo, imeneyo ndi ntchito ina, ili ndi mtengo wake. Koma buku munapereka kale kukoleji, ndiye mukawauza kuti chiyani? Ndipo musaiwale, sisi, mauthenga anu onse ndili nawo. Ine ndilibe dzina loti lingaonongeke. Inu muli nalo."

Foni inaduka. Poyesanso, kachithunzi ka gauni ndi chipewa kamene kankaimira Raymond pa Watsapu kanali katazimirira. Munthu woti wasokoneza mabanja awiri ku Nkope analibe ngakhale khomo loti n'kukagogodapo.

Ndanena mabanja awiri chifukwa patangopita masiku ochepa kunabwera Mwanabibi. Anafika dzuwa lili paliwombo, nthawi yoti mayi wa geni amakhala ali pathandala. Anakana mpando, nakhala pamkeka pafupi ndi Mayi Keti.

"Achemwali, amuna anga, Che Ayub, andiletsa kupita kugombe. Akuti ndikhale pakhomo mpaka nkhaniyi iyere. Abale awo abwera kale kawiri. Tsono pakhomo paja amene amabweretsa ndiwo ndani, inu mukudziwa. Che Ayub chiwapwetekereni mwendo ku Joni kuja, ntchito yawo ndi kumvera wailesi."

Kenako anatembenukira kwa Tikhala, amene anaima pakhomo ngati mlendo m'nyumba ya kwawo komwe.

"Bwera kuno, mwanangu. Usaope, sindimenya. Ine ndinakubereka kumsana uku amako ali kuchipatala cha paboma. Unandikodzera nsalu yanga ya Idi, ndinakukhululukira. Koma ichi, wallahi, chandiwawa."

"Pepani, amama."

"Pepani ndamva. Koma tamvera chimene chikuchitika kugombeko. Anyamata tsopano sachitanso manyazi. Mayi akangofika paboti, iwo amvekere, 'Mulipira ndi ndalama kapena za m'buku zija?' Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndipo usaganize kuti ndikukana kuti zimenezi zilipo. Zilipo. Alipo amayi amene umphawi unawakankhira kumeneko, ndipo timawadziwa, timalira nawo. Ukanabwera n'kukhala pansi ndi ife, tikanakuuza mmene zimayambira, ndi amene amaziyambitsa. Koma iwe watenga chilonda cha anthu ena n'kuchimata pankhope zathu. Eni chilondacho sanathandizike, ifenso tavulala."

Tikhala analira. Mwanabibi anamukoka n'kumupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake, uku akupukusa mutu.

"Misozi siifufuta inki, mwanangu. Uganize chochita."

Sabata yotsatira kunabwera foni yomwe masiku ena ikanavinitsa nyumba yonse. A Masiye, supavaiza wa Tikhala, anamuimbira ali wosangalala. Risechi yake inali itasankhidwa pakati pa zabwino za chaka chimenecho. Ikaikidwa pa intaneti, patsamba la koleji, ndipo bungwe lina loona za amayi linkafuna kuti Tikhala akaifotokoze galajuweshoni ikangotha, mwezi wamawa.

Tikhala anakawapeza mayi ake pathandala lakumapeto, lomwe anasamukirako chiyambireni nkhaniyi. Ankamwaza usipa ndi manja awiri, mofulumira, dzuwa lisanapendeke. Tikhala anaima mbali inayo n'kuyamba kuwathandiza, kenako anawafotokozera zonse.

"Ndipita ndikaulule, amama."

"Ukaulule chiyani?"

"Kuti sindinalembe ndine. Kuti zalembedwazo ndi zabodza."

"Akakutani?"

"Mwina akandichotsa sukulu."

Mayi Keti anapitiriza kumwaza usipa. Kenako anati, "Supita."

"Amama."

"Ndati supita. Tamvera, iwe. Nkhani za kuno zili ngati mwera. Uwomba, uwomba, anthu n'kumati maboti atha, tsiku lina kudzuka nyanja yagona. Mawa wina akagwidwa ndi mkazi wa mwini, za ine aiwala. Ine ndakula. Dzina langa ndikagulire chiyani? Dzina silinakulipirirepo fizi. Anakulipirira ndi manja awa, onunkha usipa ngakhale ndisambe ndi sopo wanji. Zaka zinayi zonsezi zingomira m'madzi chifukwa cha tsamba limodzi?"

"Likalowa pa intaneti silidzachokanso. Si Nkope yokha, ndi dziko lonse. Zidzukulu zanu zidzalipeza."

"Zidzukuluzo zidzadya chiyani iwe ukapanda digiri? Zidzadya dzina la agogo awo?"

"Nanga a Mwanabibi?"

Apa manja a Mayi Keti anaima. Anayang'ana kumathandala enawo, kumene malo a mnzawo anali opanda munthu.

"Ndikawagwadira ndekha. Ndiziwagulira usipa wawo, ndiziwayanikira, ndalama ndizikawapatsa pakhomo. Khoswe wakhala pamkhate, mwanawe. Ukamuponyera mwala uswa mkhate, ndipo mkhatewo ndiwe. Nsalu ili kale kwa telala, ya ine, ya abambo ako, ya azing'ono ako. Miyeso anatenga kale. Ine ndinakubereka, manyazi ako ndi anga. Ndasenzapo madengu olemera kuposa awa. Iwe ukavale gauni."

Akanamukalipira, akanamumenya ndi chikuni, Tikhala zikanamupepukira. Koma mayi woti wanamiziridwa pamaso pa mudzi wonse anali kupempha kuti bodzalo likhale, kuti mwana wake adutse. Tikhala anamva chisoni chimene anali asanamvepo chibadwire. Anawerama n'kumasankha tizinyalala mu usipa woti unali woyera kale.

Masiku onsewa a Simioni ndi akazi awo ankayankhulana za madzi osamba ndi za mchere basi. Bambo akabwera kunyanja ankagona pakhonde, ati m'nyumba mukutentha, mwezi wa Julaye. M'mawa wina anafika ndi kampango wamkulu, woti akanamugulitsa pagombe pomwepo asanatsike n'komwe m'boti. Anamuika pakhomo la khitchini, naima poteropo akukanda m'mutu.

Mayi Keti anayang'ana nsombayo, nayang'ana mwini wake.

"Nsomba siyankhula, bambo a Tikhala."

"Ndi yamafuta."

"Ndaona. Koma siyankhula."

A Simioni anakhosomola, nayang'ana kumpanda ngati kuli wina woti awathandize. Kenako ananjuta pafupi ndi akazi awo.

"Ndinalakwa, make mwana. Ndinakufunsani funso loti sindinayenera kufunsa. Lilime lilibe fupa."

"Lilime ndilibe nalo mlandu. Unandipweteka ndi mtima umene unalituma."

"Mtimawo ndi umene wabwera ndi kampangoyu."

Mayi Keti anafuna kulimba, koma kumwetulira kunawapulumuka. "Bweretsani mpeni. Mutu ndidya ine lero, inu mudya mchira."

Tikhala anali pomwepo akutsuka mbale. Bambo ake atabwera ndi mpeni, mayi ake anawauza za foni ya a Masiye, ndi zimene mwanayo ankafuna kuchita.

"Muuzeni inu, mwina akumverani. Asakataye sukulu chifukwa cha ine."

A Simioni anayamba kunola mpeni pamwala.

"Ine sindimuuza chochita. Gauni ndikuifuna kuposa inu, ndinauza kale alovi onse kuti tsiku limenelo boti silipita pamadzi. Koma ndili ndi chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa tulo. Ine ndakhala ndi inu kuyambira muli mtsikana. Ndikudziwa mmene mumatsokomolera, ndikudziwa phazi lanu pamchenga. Koma atangondiuza kuti zalembedwa m'buku, ndinabwera kuno kudzakufunsani. Ineyo. Tsono ngati ine pepala linandigwedeza, nanga munthu wa kutali, woti sanakuoneniponi, adzakayika?"

Tikhala anamaliza kutsuka, navundikira mbale pathandala la ziwiya, n'kulowa m'nyumba kukalongedza chikwama.

M'mawa mwake mayi ake sanamuyankhule. Anangomutsatira kumbuyo mpaka kumsewu wa tala, kumene maminibasi a ku Mangochi amaima. Kondakitala atatsegula chitseko, mayiwo anamupatsa kajumbo ka chinangwa chophika ndi chidutswa cha kampango uja.

"Ndiwe wamakani ngati abambo ako."

"Mukhululuke, amama."

"Kwera, anthu akudikira. Ukakayankhula usakayang'ane pansi. Wakuba amene wabweza yekha mbuzi sayang'ana pansi."

Anabwerako kumapeto kwa sabata, atachepa thupi ngati wodwala malungo. Makolo ake anali pakhonde. Anakhala pansi n'kufotokoza mosazungulira.

"Gauni chaka chino kulibe. Andiimitsa chaka chathunthu. Akuti poti ndadziulula ndekha sandichotseratu. Bukulo alichotsa mulaibulale, ndipo pa intaneti sililowa. Risechi ndiyambirenso, mutu womwewo, ndi manja anga."

"A Masiyewo anati chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Poyamba anakalipa. Kenako nditawauza kuti wa pachithunziyo ndi mayi anga, anavula magalasi. Anati nawonso nkhaniyo inawakomera kwambiri moti anaiwala kufunsa ngati mayiyo anavomera kujambulidwa. Andipatsa kalata yosainidwa yonena kuti zolembedwazo zinali zopeka."

Kalatayo a Simioni anapita nayo okha kwa Che Ayub, Tikhala ali pambuyo, ndipo Lamulungu inawerengedwa kutchalitchi m'Chichewa. Sindinganame kuti pakamwa pa anthu panatsekeka tsiku lomwelo. Ena anayamba nyimbo ina, yoti mwana wa a Simioni anagula digiri ndipo akoleji amubweza. Imeneyo Tikhala anaisenza yekha, poti inali yoona.

Mayi Keti anakatenga zovala zija kwa telala. Anaziyala pabedi, naziyang'ana, misozi ili lengelenge. Kenako anazipinda bwinobwino n'kuziika pansi pa sutikesi.

"Nsalu siola," anatero. "Bola abambo ako asanenepe."

Lolemba m'mawa, maboti atakocheza, Tikhala anapita kumathandala ndi kope latsopano. Anapereka moni kwa amayi aja, nafotokoza chimene wadzera. Amayiwo anayankha moniwo, n'kubwerera ku usipa wawo. Anapita kwa wina, anati watanganidwa. Anapita kwa winanso, anati, "Ife tinatuluka kale m'buku, mayi. Zakwana." Mwanabibi, amene anali atabwerera pamalo pake, anangomuyang'ana. Tikhala anaima pakati pa mchenga, kope lili m'manja, akusowa kolowera.

Ndipo Mayi Keti anachoka kuthandala lawo lakumapeto lija. Anayenda pakati pa anzawo onse, natenga ndowa, naivundikira pansi, n'kukhalapo patsogolo pa mwana wawo.

"Khala pansi. Funsa."

"Amama, malamulo ake ndi oti ndiyambe ndakupemphani chilolezo. Dzina lanunso sindilemba lenileni."

"Chilolezo ndapereka. Dzina ulembe lonse, Keti Simioni. Tizilembo tiwiri tija tinandibisa kwa ndani? Funsa."

Tikhala anatsegula kope. "Pa geni yanuyi, vuto lalikulu limene mumakumana nalo ndi lotani?"

Mayi Keti anaganiza, akuyang'ana manja awo.

"Lemba kuti mvula ikagwa usipa uli pathandala, mpamba wonse umaolera pompo, ndipo palibe amene amakubwezera. Lemba kuti mtengo amaika ndi mwini boti ndi venda wa m'tauni, ife timangokhala pakati ngati mwana wamasiye. Lembanso kuti phindu lonse limapita kusukulu ya mwana, ndiye mwanayo akalakwa, sumutaya, poti ndi mpamba wako womwewo."

Wina anaseka kumbuyo, kuseka kopanda njiru. Mwanabibi anapukuta manja, nakoka ndowa yake, nadzaivundikira pambali pa mnzake.

"Ukamaliza amako, ine ndili pano. Ndikuuza ndi za kumaboti zomwe, zenizenizo. Koma tipangane. Tsamba lililonse, lisanapite kulikonse, uzidzatiwerengera pompano."

"Ndidzatero, amama."

Tikhala analemba m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa pulayimale. Chingerezi adzachita kumasulira pambuyo. Atamaliza anatembenuza kopelo n'kuwapatsa mayi ake. Mayi Keti analigwira m'mphepete kuopa mamba, naliika patali pang'ono ndi maso, n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi, chala chikutsata mzere. Anapunthwa pawiri, koma palibe anawathandiza, ndipo anafika kumapeto okha.

Anabweza kopelo.

"Eya," anatero. "Amenewa ndiye mawu anga. Funso lachiwiri."